Bambo Agula Thonje

19 Disembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ngakhale kuti pa zithunzi mwatumiza zija sindinathe kuzindikira kuti uyu ndi ndani. Nonse mwangokhala mitolo ya zovala yokhala ndi maso. Mwati sinowo, chipale chogwa ngati ufa chija, wafika m'mawondo ndipo galimoto munachita kuifukula ndi fosholo. Pepani ndithu. Koma chisoni changa chisakunamizeni, chifukwa ine ndikulemba kalata ino mapazi ali m'beseni la madzi, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Kandulo imene ndinaika pawindo yawerama yokha ngati yalakwira munthu.

Kuntchito nako bwana watiikira nyimbo zanu zija za mabelu ndi sinowo kuyambira potsegula mpaka poweruka. Munthu akudzagula mankhwala a zidzolo, thukuta lili kamukamu, pamwamba pake wina akuimba kuti tiwothe moto. Lachiwiri Fada Khirisimasi wa golosale yoyandikana nafe anakomoka m'chijasi chake chofiira, tinachita kumuvula ndevu kuti timumwetse madzi. Ana amene anali pamzere analira ngati pamaliro.

Koma si za nyengo zimene ndakhalira pansi. Pali nkhani ya bambo, ndipo ndasankha pepala chifukwa pepala silidula munthu pakamwa ngati mmene mumachitira inu. Muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Zinayamba kumapeto kwa Novembala. Mnzanga wa pakauntala, amene timamutcha Wailesi chifukwa nkhani siigona m'kamwa mwake, anandikokera kuseri kwa shelefu ya mankhwala a chifuwa.

"Bambo ako anabwera dzulo iwe uli pa ofu," anatero. "Agula thonje mipukutu isanu ndi itatu."

"Thonje la mabala?"

"Lomwelo. Ndipo anayamba afunsa kaye ngati iwe ulipo. Nditati kulibe, m'pamene anamasuka."

Mukudziwa kuti bambo ali ndi shuga, mukudziwanso kuti ndi munthu woti mwendo ungaole iwo akunena kuti ndi kachilonda chabe. Nthawi ya nkhomaliro sindinadye, ndinakwera basi ulendo wa kwa bambo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, kumutu atavala chipewa cha ubweya chofiira chokhala ndi kampira koyera pamwamba.

"Vulani masokosi," ndinatero.

"Moni sunandipatse."

"Muli bwanji, bambo. Vulani masokosi."

Ndinayang'ana chala chimodzichimodzi, ndinapinda buluku mpaka m'mawondo, ndinawatukula malaya kumsana. Panalibe ngakhale poluma udzudzu.

"Nanga thonje lija lili kuti?"

"Thonje liti?"

Nthawi yomweyo kamphepo kanadutsa, ndipo kachidutswa ka thonje kanatuluka pakhomo n'kudzatera paphewa pawo. Tonse awiri tinakayang'ana. Ine ndinawalambalala n'kulowa pabalaza.

Mawindo onse anamatidwa thonje m'munsi ngati kwagwa sinowo. Pangodya pamene pankakhala wailesi panaima mtengo wapulasitiki wofika kudenga, timagetsi tikuthwanima masanasana. Pafupi ndi chitseko panali munthu wa sinowo wopangidwa ndi mapilo awiri, maso ake mabatani, m'khosi atavala tayi ya bambo ya kutchalitchi. Fani anaizimitsa n'kuiphimba ndi nsalu, ati imamwaza sinowo. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni, koma ukayang'ana unkafuna kupempha bulangete.

Inu mukukumbukira mmene tinakulira. Chaka ndi chaka malemu amayi ankapempha kamtengo ka Khirisimasi, ndipo bambo, akalipentala athu aja, ankayankha mawu omwewo: "Mtengo ukalowa m'nyumba uzilowa uli thabwa." Mukukumbukiranso chaka chimene amayi anadula kalendala yakale n'kupanga timaunyolo ta mapepala, bambo n'kutichotsa tsiku lomwelo ati tikuitana akangaude. Amayi anangopinda timaunyolo tija bwinobwino. Ndiye lero, patatha zaka zitatu chiwaikire m'manda, munthu yemweyo wasandutsa balaza kukhala dziko lanu.

Ndinayamba kuyang'ana ndi diso lina. Pakhoma panapachikidwa masokosi akuluakulu ofiira, osokedwa ndi makina, msoko wake wowongoka ngati waika rula. Bambo sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Kukhitchini ndinapeza makapu awiri m'sinki. Ndinapisa chala pansi pa kapu imodzi n'kulawa. Shuga.

"Mwayambanso kumwa shuga?"

"Ayi."

"Nanga wamwera m'kapu iyi ndani?"

"Kodi unaphunzira zogulitsa mankhwala kapena upolisi?" anatero, n'kukonza chipewa chija kuti chikhale bwino.

Nditafika kwathu ndinawauza alamu anu. Iwo anaseka mpaka kutsamwa. "Amayi a ana," anatero, "munthu wamkulu akayamba kumwetulira yekha, musiyeni. Si matenda amenewo." Ndinawauza kuti akanakhala bambo awo sakanaseka. Anati akanakhala bambo awo akanawagulira thonje lina.

Wailesi sanatenge masiku awiri. Anabwera ndi nkhani yonse yathunthu. Womwera m'kapu uja ndi mayi wina telala, wosoka makatani, amene ali ndi kashopu pafupi ndi poimira basi. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo ndi akuluakulu. Bambo anapitako mu Seputembala kukawakhomera shelefu, ndipo mpaka kumapeto kwa Novembala shelefuyo inali isanathe. Shelefu imodzi miyezi itatu, achemwali, munthu amene ankakhoma denga lonse sabata imodzi!

Usiku ndi usana mutu wanga unkangozungulira pa chinthu chimodzi: mayi ameneyu akufuna chiyani kwa nkhalamba ya shuga yopanda mano a kumbuyo? Yankho linali limodzi basi. Nyumba. Nyumba imene amayi athu anasenzera njerwa ali ndi mimba yanu.

Ndinatenga siketi yanga yabuluu, ndinaikoka zipi ndi pulayala mpaka inaphulika, n'kupita nayo kushopu kwawo. Ndi mayi wamfupi, wojintcha pang'ono, magalasi ake amangidwa chingwe, m'kamwa muli mapini nthawi zonse. Anaitembenuza siketi ija kawiri, analavulira mapini m'dzanja.

"Zipi iyi sinafe yokha," anatero. "Yachita kuphedwa. Khalani pansi, mwana wa akalipentala."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Mphumi imeneyo. Komanso mwadutsa pano katatu dzulo mukuyang'ana makatani ngati akulankhula."

Poti ndinali nditagwidwa kale, ndinangoti ndifunse. Ndinafunsa kumene amakhala, ndinafunsa ana awo amagwira ntchito yanji, ndinafunsanso kuti amuna awo anamwalira ndi chiyani.

"Ndi ukalamba ndi makani," anayankha, makina akulira. "Funsani china zipi isanathe."

Sanakwiye ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Ndinati munthu wosalakwa amapsa mtima akafunsidwa zotere. Uyu wazolowera.

Tsopano ndafika povuta, ndipo cholembera chikulemera. Lachinayi lotsatira bambo anapita kuchipatala kukayezetsa shuga wawo monga mwa nthawi zonse. Ine kiyi wa nyumba ndili naye. Ndinalowa, ndinadutsa munthu wa mapilo uja amene ankandiyang'ana ndi mabatani ake, ndinakwera pampando kuchipinda n'kutsitsa chitini cha mabisiketi cha amayi pamwamba pa wadirobu. Mukuchidziwa: muja muli mapepala a nyumba, mphete yawo, ndolo zawo, ndi makalata amene munkawalembera chaka choyamba mutachoka. Ndinachikulunga m'nsalu, ndinakachibisa kwathu pansi pa mabulangete amene sitiwafunda mpaka Juni. Sindinauze munthu, ngakhale alamu anu. Mumtima ndinati sindikuba, ndikusunga.

Patatha masiku atatu bambo anabwera kuntchito kwanga. Chipewa sanavale. Anadikira mpaka makasitomala atha, ndiye anawerama pakauntala.

"Chitini cha mayi ako, unachionako?"

Achemwali, pamenepo ndikanangoti chili kwathu, nkhani ikanathera pomwepo. Akanandikalipira, ndikanalira, basi. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ayi. Kodi m'nyumbamo mumalowanso ndani?"

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kutuluka. Wailesi, amene anamva zonse, tsiku limenelo anakhala chete mpaka poweruka, ndipo zimenezo sizinachitikepo.

Ndinamva pambuyo pake kuti kuchoka kwa ine analunjika kwa atelala. Sanakweze mawu, anangofunsa za chitini. Mayi aja anaika lumo pansi, anachotsa magalasi, n'kunena kuti, "Shelefu yanu yatha, zikomo kwambiri. Musavutikenso kubwera."

Ndiye ndinapambana, si choncho? Zimene ndinkafuna zinachitika popanda ine kukangana ndi munthu. Ndinadziuza zimenezi sabata yonse. Koma ndikatsegula wadirobu kuti nditenge zovala ndinkayang'ana kumbali.

Loweruka kunagwa chimvula choyamba chenicheni, chija chobwera ndi mphepo. Lamulungu masana ndinapita kukawaona bambo. Denga, limene limadontha pamwamba pa windo la pabalaza, linachita zake. Sinowo yense anali atanyowa, akulendewera pagalasi ngati nthenga za nkhuku yovumbwa. Munthu wa mapilo anali atagwa chafufumimba, mutu uli kwina. Timagetsi tinali tozima. Bambo anakhala pakati pa zonsezi atavala vesiti, ndevu zosameta, akuyang'ana pangodya. Ndinatsegula kabokosi kawo ka mapiritsi, kaja ndinawagulira ka zipinda zisanu ndi ziwiri. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu zinali zodzaza.

"Bambo, simukumwa mankhwala?"

"Ndimaiwala. Panali wondikumbutsa." "Unkaona bwino iwe. Munthu ukakalamba umapusa."

Ndinayamba kutola thonje lonyowa lija kuti manja akhale ndi chochita. Ndinafunsa funso limene linkandidya kuyambira tsiku loyamba. Ndinati, "Koma bambo, amayi anakupemphani mtengo zaka makumi anayi. Bwanji iwo munawakaniza, mlendo n'kumuvomera?"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anangopukuta thukuta ndi dzanja.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa?" anatero. "Chimwalirire mayi ako, Disembala aliyense ndimakhala pampando uno n'kumayang'ana ngodya iyo imene ankafuna kuikapo mtengo. Kanthu kotchipa, kapulasitiki. Ndinkaopa chiyani? Ndiye mayi aja atanena kuti amakonda timagetsi, pakamwa panga panatsala pang'ono kutulutsa mawu omwe aja a thabwa. Ndinadziluma lilime. Ndinati kukana ndinakana kale kokwanira moyo umodzi."

Ndinaika thonje m'ndowa, ndinatuluka, ndinakwera basi. Alamu anu atandiona ndikutulutsa chitini pansi pa mabulangete anagwira pakamwa. Ndinawapempha kuti andiperekeze. Anati, "Ayi, potenga munapita nokha." Koma anandinyamulira mpaka poimira basi.

Ndinachiika patebulo pamaso pa bambo. Anachitsegula, anagwira mphete ija, anaibwezera, anatseka. Sanandifunse chifukwa, sanatukwane, sanakweze ngakhale nsidze. Ndikanakonda akanandimenya. Anadzuka n'kupita kukhitchini, ndinamva akutunga madzi, akumwa mapiritsi. Pobwera anati, "Mawa ukapemphe nthawi kuntchito. Ukanene wekha."

Lolemba m'mawa tinapita, ine patsogolo, iwo pambuyo atameta ndevu, ngati akuperekeza mbuzi imene yadya m'munda wa eni. Tinawapeza atelala akuyeza katani ndi tepi. Ndinagwada pansi pomwepo pa zidutswa za nsalu n'kunena zonse, kuyambira zipi mpaka chitini. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Dzukani, muipitsa yunifolomu," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndinu."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati mwana wanu ndiye watenga, akanakhulupirira ndani? Ndipo akanandikhulupirira, ndikanakhala mayi amene anadanitsa bambo ndi mwana wake. Ayi, ine makatani anga akundikwanira." Anapinda tepi ija m'dzanja. "Inu sindinakukwiyireni kwenikweni. Mumalondera mayi anu, ndipo nanenso ndingakonde ana anga adzandilondere choncho, kungoti mwanzeru pang'ono. Amene ndakwiyira ndi awa. Miyezi itatu ndikuwakumbutsa mapiritsi, n'kudzandiyang'ana m'maso kundifunsa za chitini."

Bambo anayang'ana nsapato zawo. Sindinawaonepo atachepa chotero.

"Tsono mumati ndikufuna chiyani m'chitinimo?" anafunsa atelala.

"Mapepala a nyumba," ndinayankha motsitsa mawu.

Anaseka mpaka anagwira tebulo. "Nyumba yodontha ija? Mwana wanga, ine ndili ndi yanga ya zipinda zinayi, ndipo mvula imathera panja."

Musaganize kuti zinathera pomwepo ndi kukumbatirana. Bambo sanakhululukidwe mpaka lero. M'mawa uliwonse amapita kukakhala pabenchi kunja kwa shopu ija, ndipo atelala amawadutsa ngati sakuwaona, kupatula nthawi ya mapiritsi pamene amagogoda pagalasi ndi lumo. Masana bambo amabwerera kukakonza balaza. Denga akhoma, ndinawagwirira makwerero ndine. Thonje latsopano ndinawabweretsera ndekha, mipukutu isanu, ndipo Wailesi anandiyang'ana mpaka ndinatuluka pakhomo. Fani idakali yophimba. Dzulo tinakhala awiri m'chipinda chija thukuta likutsika m'msana tikumata sinowo pawindo, bambo akundiuza kuti ndikupindika mzere.

Sindikunena kuti ndasiya kuwayang'anitsitsa mayi aja. Ayi. Amadziwa saizi ya kolala ya bambo popanda kuyeza, ndipo alamu anu anapita kamodzi kokha kukapinditsa buluku koma anabwerako akuwatamanda ngati ndi azakhali awo. Munthu wokondedwa ndi aliyense msanga chonchi ndimamuikira diso. Komanso bambo ayamba kunena kuti chaka chikatha "tidzakhale pansi tonse", ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti bambo sakhazika anthu pansi pa nkhani ya shelefu. Ndikungonena kuti nthawi ino ndiziyang'ana ndi maso okha, manja ali kumbuyo.

Tsopano chimene ndalembera ndi ichi. Lachisanu bambo anawapempha atelala kuti adzadye nafe masana a Khirisimasi. Anayankha ine ndili pomwepo. Anati, "Sindilowanso m'nyumba ya mayi wina mozemba ngati mphaka. Ana anu onse awiri adziwe, ndipo wa kutali uja anene yekha ngati akufuna kapena ayi. Akakana, sindikwiya, ndidya kwathu." Bambo anati akuuzani okha, koma masiku atatu adutsa akungopukuta foni ndi mpango. Amakuopani, achemwali. Amati mukakhala chete mumafanana ndi amayi.

Ndiye ndapereka kalata ino kwa mnzanu wa kuchipatala uja amene akubwerera kwanuko mawa, kuti ikupezeni tsiku lisanafike. Ndikudziwa kuti mukwiya. Mukwiyire ine poyamba, chifukwa makalata anu a m'chitini aja ndinawawerenganso onse, ndipo ena ndinalira nawo. Mukatha kukwiya, muyimbe. Ngati mukana, mukane ndi pakamwa panu, ndipo ine ndikauza atelala mosawonjezera mawu. Sindikukakamizani, chifukwa inenso pampando wa amayi uja sindinadziwebe kuti ndidzamva bwanji ndikadzaona wina atakhalapo.

Muwapatse moni alamu, muwauze kuti asamafukule galimoto okha ndi msana wawo uja. Ana muwapsompsone m'malo mwanga ngati mungapeze pamene pali nkhope. Kuno alamu anu akupereka moni, ati ndikuuzeni kuti iwo analibemo. Ana ali bwino, atsekera sukulu, akufunsa ngati sinowo weniweni amadyedwa. Bambo adzera kuno, ndipo ndawafunsa kuti ndilembe chiyani, ati ndingoti ali bwino ndipo mankhwala akumwa. Anaima pambuyo panga mpaka ndinalemba mawu amenewo.

Atelala ndinawafunsanso ngati ndingakupatsireni moni wawo. Anaganiza kaye, kenaka anati ayi, moni wawo usatsogole. Adikira wanu.

Ndine mng'ono wanu,
amene wakulakwirani nonse koma amakukondani.